Mabisiketi a chokoleti ndi minti a pa Khrisimasi, kuyambira pa mtanda mpaka pokongoletsa

Anthu ambiri akamva kuti chokoleti ndi minti amaganiza kuti ntchito yonse yagona pothira minti wambiri, ayi ndithu, pamenepo nde pamene zinthu zimawonongekera. Ine ulendo woyamba ndinakhuthulira supuni yaikulu yodzadza ya peppermint mu mtanda ati anthu amve kuti muli minti, zotuluka mu uvuni zinali zokongola ndithu koma ukaluma umangomva ngati wadya mankhwala otsukira mano osakaniza ndi koko, ana anangoluma kamodzi kamodzi nkubwezera pa mbale mwakachetechete. Nde gwirani ichi musanayatse uvuni: m'bisiketi imeneyi mwini nyumba ndi chokoleti, minti ndi mlendo, ndipo mlendo salankhula kuposa mwini khomo.

Tiyambe ndi mintiyo poti ndi amene amapusitsa anthu pogula. Pali peppermint ndipo pali spearmint, si chinthu chimodzi. Peppermint ali ndi menthol wambiri, menthol ameneyu ndi amene amanamiza mitsempha ya m'kamwa yomva kuzizira nkumamva ngati mwapuma mpweya wa m'firiji chonsecho palibe chazizira. Spearmint menthol wake ndi wochepa kwambiri, fungo lake ndi lija la chingamu, ndipo ndi chokoleti sagwirizana kwenikweni. Botolo likangolembedwa kuti mint basi, nthawi zambiri muli spearmint kapena asakaniza, nde funani lolembedwa peppermint. Pa peppermint pomwepo palinso mitundu iwiri, extract ndi oil. Extract ndi wosungunulidwa mu mowa ndi timadzi, ndi amene timayeza ndi kasupuni. Oil ndi waukali katatu kapena kanayi kuposa pamenepo, ameneyu timawerenga madontho osati masupuni. Ndipo chonde onetsetsani kuti pa botolo alemba kuti ndi wothira m'zakudya, pali mafuta ena a peppermint onunkhiritsira m'chipinda kapena osisitira thupi, amenewo sapita m'mphika.

Koko nayenso ali pawiri. Pali wachilengedwe, wofiirira komanso wowawasa pang'ono, ndipo pali amene amamutcha Dutch, wakuda bii, amene anamuchotsa kuwawasa kuja. Dzinalo likuchokera ku Netherlands kwa banja la van Houten, lomwe mu 1828 linapeza njira yofinyira mafuta m'nthangala za koko nkutsala ufa. Pa mabisiketi awa ine ndimakonda wa Dutch chifukwa icing woyera amawala bwino pa bisiketi yakuda, komanso kukoma kwake nkofatsa sikulimbana ndi minti. Mukapeza wachilengedwe yekha palibe vuto, angotuluka ofiirira. Chokhacho musatenge ufa uja wopangira chakumwa cha chokoleti, muja munadzadza shuga ndi mkaka, koko ndi wochepa, mudzangokhumudwa.

Zofunika pa mtanda ndi izi: batala magalamu 225, shuga magalamu 200, dzira limodzi lalikulu, ufa wa tirigu wopanda zotupitsa magalamu 300, koko magalamu 65, baking powder theka la kasupuni ka tiyi, mchere theka la kasupuni, vanila kasupuni kamodzi, ndi peppermint extract theka la kasupuni. Inde theka. Ndikudziwa dzanja lizikuyabwani kuti muwonjezere, ligwireni. Pamenepa mutuluka mabisiketi ngati 30 apakatikati, kutengera kukula kwa chodulira chanu.

Ngati muli ndi sikelo ya m'khitchini igwiritseni ntchito, kapu imanama. Kapu imodzi ya ufa itha kukhala magalamu 120 kwa amene wangowaza mopepuka, nkukhala 150 kwa amene wasindikiza, ndipo kusiyana kumeneko pa makapu awiri ndi theka ndi kumene kumabereka bisiketi yolimba ngati mwala. Ngati sikelo palibe, vundulani ufawo kaye, muziuthira m'kapu ndi supuni, kenako musalaze pamwamba ndi mpeni osatsendera. Batala akakhala wamchere kale chepetsani mchere uja ndi theka. Majarini amatheka koma akhale wolimba uja wa chigulu, osati wofewa wa m'kontena wopaka pa buledi, ameneyo ali ndi madzi ambiri mabisiketi amangoyenderera pa thireyi.

Yambani ndi batala. Mutulutseni m'firiji pakadali ola limodzi, afewe mpaka poti mukasindikiza ndi chala pakutsala dzenje koma chala sichikumira komanso sakunyezimira mafuta. Akasungunuka mwatha, mubwezeni m'firiji alimbenso, osanena kuti aa zomwezo, si zomwezo. Muikeni m'mbale yaikulu pamodzi ndi shuga mutakase ndi makina mphindi 2 kapena 3, ndi mthiko mwina 5, mpaka zisakanikirane nkuyererako pang'ono. Apa ndimasiyana ndi ophika keke. Pa keke timamenya nthawi yaitali kuti mulowe mpweya wambiri, koma mabisiketi odula sitifuna mpweya wochuluka chifukwa akatupa mu uvuni nyenyezi yanu imasanduka chinthu chosadziwika kuti ndi nyenyezi kapena kamba.

Swerani dzira, thirani vanila ndi peppermint uja, takasani mpaka dzira lisaonekenso. Palani m'mbali mwa mbale, pamakhala batala wobisala pansi amene amadzaoneka ngati timizere toyera m'mtanda.

Mu mbale ina sefani ufa, koko, baking powder ndi mchere. Kusefa osakudumpha, koko amaumbika timibulu tolimba tomwe sitisweka ndi mthiko, munthu nkudzaluma kambulu kowawa pakati pa bisiketi. Thirani zoumazi mu batala muja magawo awiri kapena atatu, muzitakasa pang'onopang'ono, ndipo ufa ukangosiya kuoneka imani pomwepo. Uwu si mtanda wa buledi woti muukande mpaka thukuta. Ufa wa tirigu ukanyowa nkumakandidwa umapanga ulimbo uja amati gluten, pa buledi ndi wabwino, pa bisiketi umabweretsa kutafuna ngati mphira komanso mtanda umabwerera m'mbuyo mukamauyala. Mtanda wabwino umakhala wofewa, wakuda, wosamata kwambiri m'manja. Ukamata wonjezerani ufa supuni imodzi, ukamayoyoka thirani mkaka kasupuni kamodzi, basi osapitirira.

Tsinani kachidutswa mununkhize. Minti akuyenera kumveka chapatali, kumbuyo kwa koko. Mukaona ngati wachepa musade nkhawa, wina akubwera pamwamba nthawi yokongoletsa, ndipo kumeneko nde kwawo kwenikweni chifukwa moto wa mu uvuni umathawitsako fungo la minti pomwe wa mu icing ndi mu chokoleti sakumana ndi moto woterowo.

Tsopano apa pali kachinsinsi kamene kanandipulumutsa ku mavuto ambiri. Maphikidwe ambiri amati ikani mtanda m'firiji kenako muyale, koma mtanda wa batala ukazizira umalimba gwa, poyala umang'aluka m'mbali, iwe nkumalimbana nawo mpaka wafundanso. Ine ndimayala kaye ukadali wofewa kenako nde ndimaziziritsa. Gawani mtanda pawiri, gawo lililonse liikeni pakati pa mapepala awiri ophikira, muyale ndi rolling pin, kapena botolo losalala ngati mulibe, mpaka kuchindikala kwake kufike mamilimita 6. Kuti kufanane ponseponse goneketsani timitengo tiwiri tofanana, kaya mapensulo, uku ndi uku kwa mtanda, rolling pin iziyenda pamwamba pake. Mukafuna kuwaza kanthu kuti zisamate wazani koko osati ufa, ufa umasiya mawanga oyera pa bisiketi yakuda ndipo sachoka ngakhale zitapsa. Sanjikizani mapepala aja pa thireyi mulowetse m'firiji ola limodzi kapena awiri, usiku wonse nde bwino kwambiri bola mwaphimba kuti usaume.

Chifukwa chake nchosavuta. Batala wozizira amachedwa kusungunuka mu uvuni, nde m'mbali mwa bisiketi mumayamba kuuma mafuta asanayenderere, mawonekedwe nkukhala momwe munadulira. Wofunda amasungunuka msanga bisiketi nkuphwasuka. Aliyense amene anatulutsapo thireyi ya mabisiketi ogwirana onse kukhala chimodzi chachikulu akudziwa zomwe ndikunena.

Yatsani uvuni pa madigiri 175, ngati ndi wa fani 160, ngati umawerenga Fahrenheit ndi 350, ndipo mupatseni mphindi 15 utenthe bwinobwino. Tulutsani gawo limodzi lokha la mtanda linalo likhale momwemo. Dulani nyenyezi, mitengo ya Khrisimasi, mabelu, mitima, zomwe muli nazo, opanda zodulira kamwa la tambula limadula zozungulira zabwino zedi ndipo kunena zoona zozungulira nde zosavuta kuviika mu chokoleti. Viikani chodulira mu koko, sindikizani molunjika pansi osapotoza, dulani moyandikana kuti zotsala zichepe. Zotsalazo ziphatikizeni muyalenso, koma kawiri kokha, kachitatu mtanda umakhala utatopa mabisiketi ake amalimba. Ofuna kupachika ena pa mtengo boolani kabowo pamwamba ndi straw asanapse, ndipo kabowoko kakhale kokulirapo chifukwa kamachepa mu uvuni.

Yalani pa thireyi yoyala pepala, kusiya mpata wa zala ziwiri pakati pake. Ngati m'khitchini mukutentha ndipo mtanda wayamba kufewa bwezerani thireyi yonse m'firiji mphindi 10 musanalowetse. Akuluakulu paokha, ang'onoang'ono paokha, apo ayi tating'ono tipserera akulu asanapse.

Ikani pa shelefu ya pakati mphindi 10 mpaka 12. Vuto la mabisiketi a koko ndi loti sungaone kufiira kwake, ndi akuda kale, ukamadikira kuti asinthe mtundu udzatulutsa makala. Zizindikiro zake ndi izi, pamwamba pasiya kunyezimira paoneka pouma, m'mbali mukagusa ndi chala mwalimba koma pakati pakadali pofewa pang'ono, ndipo fungo la chokoleti ladzadza nyumba. Fungo likangofika pamphuno pitani mukaone. Uvuni uliwonse uli ndi mbali yomwe imatentha kwambiri nde pakatha mphindi 6 tembenuzani thireyi, ndipo ulendo woyamba nkwabwino kuyesa ndi mabisiketi awiri atatu kuti mudziwe khalidwe la uvuni wanu. Koko akapserera amawawa ndipo palibe icing amene angabise zimenezo.

Mukatulutsa asiyeni pa thireyi mphindi 5, akadali otentha ndi osalimba amathyoka, kenako asamutsireni pa waya azizire. Thireyi yotentha musaikepo mtanda wina, idikireni izizire kapena itsireni madzi kunsi. Ndipo musakongoletse bisiketi yofunda ngakhale pang'ono, icing amasungunuka, chokoleti sichigwira. Ine ndimaphika lero nkukongoletsa mawa, mutu umakhalanso utapuma.

Kukongoletsa kuli njira zitatu zomwe ndimachita, ndipo ngati ndi koyamba yambani ndi yoviika mu chokoleti chifukwa imakhululuka zolakwa zambiri.

Tengani chokoleti chakuda magalamu 200, cha koko wa pakati pa 55 ndi 70 peresenti, muchiduledule tizidutswa tating'ono. Ikani madzi pang'ono mu poto, atenthe koma asawire mwaphokoso, khazikani mbale pamwamba osakhudza madziwo, chokoleti chisungunuke ndi nthunzi. Mdani wamkulu pano ndi madzi. Dontho limodzi lokha, kaya la pa supuni yonyowa kaya la nthunzi yomwe yagwera mkati, limanyowetsa shuga wa mu chokoleti nkuyamba kumatana, chinthu chomwe chimayenda bwinobwino nkusanduka phala lolimba la mibulu pamaso panu. Nde pukutani mbale ndi supuni ziume, osavundikira. Apa ndi pomwe kusiyana kwa extract ndi oil kumaonekera, extract ali ndi timadzi atha kulimbitsa chokoleti chanu, nde mu chokoleti thirani oil, madontho 3 kapena 4, lawani, kenako muone ngati nkofunika lina. Ngati muli ndi extract yekha musiyeni, chokoleti chikhale chopanda minti, maswiti omwe tiwaze pamwamba agwira ntchitoyo. Chikakulimbirani musataye, thiranimo kirimu wotentha supuni zingapo mutakase, choviikira sichikhalanso koma chimasanduka chopaka pakati pa mabisiketi chokoma kwabasi. Pa maikulowevu zimathekanso, masekondi 20 nkutakasa, 20 ena nkutakasa, osachisiya chokha.

Mwina munaonapo chokoleti choti chauma koma chili ndi timizere totuwa komanso chimasungunuka m'zala mukangochigwira. Sichinawonongeke ayi, ndi mafuta a koko omwe auma mosalongosoka. Kuti chiume chonyezimira komanso chothyoka kuti thwa, chitani chonchi: sungunulani magawo awiri mwa atatu mpaka madigiri 45 kapena 50, chotsani pa moto, thirani gawo lotsala lija louma, muzitakasa mpaka lonse lisungunuke ndipo kutentha kutsike kufika 31 kapena 32. Tizidutswa touma tija timakhala ngati tikuphunzitsa mafuta osungunuka mmene angaumire. Opanda choyezera kutentha pakani kadontho pansi pa mlomo, kazimveka kozizirira pang'ono osati kofunda, kapena pakani pa mpeni mudikire mphindi 5, kakauma konyezimira nde zatheka. Amene mukuona kuti izi nzambiri, gulani chokoleti chophikira chija amati compound, mafuta ake si a koko nde sichifuna zonsezi, mumangosungunula nkuviika. Kukoma kwake kumatsikirapo, sindikunamizani, koma pa mabisiketi 60 a ana ndani akuimbeni mlandu.

Viikani theka la bisiketi, igwedezeni pang'ono chotsala chidonthe, palani kunsi kwake m'mphepete mwa mbale, goneketsani pa pepala. Chokoleti chisanaume wazani maswiti a peppermint oswa, aja a mizere yofiira ndi yoyera opindika ngati ndodo amati candy cane, kapena switi iliyonse yolimba ya minti. Poswa ikani m'kajumbo kolimba mumenye ndi rolling pin, kenako sefani, fumbi lake padera tizidutswa padera. Tizidutswa nde tokongola, fumbilo sungani muthire mu kirimu wa pakati pa mabisiketi ophatikiza awiri. Ndipo musasiye zidutswa zikuluzikulu, mano a agogo si anu. Kumbukirani kuti apanso minti wawonjezereka, nde ngati mukuwaza maswiti ambiri chepetsani madontho a mu chokoleti, mlendo uja asayambe kulamula. Chinanso maswiti oswa amakoka chinyezi, pakatha masiku awiri amayamba kumata ndipo kufiira kwake kumayenderera, nde awa pangani tsiku lomwelo kapena dzulo lake la phwando.

Chokoleti choyera chimakongola mukachidonthetsa timizere ndi foloko pamwamba pa chakudacho. Chokhacho chimapsa msanga, osapyola madigiri 45, ndipo mukafuna kuchisandutsa chobiriwira pamafunika kala ya mafuta yopangira chokoleti, kala wamba ya madzi ichita zomwe zija ndanena.

Njira yachiwiri ndi royal icing, uja amauma gwa nkutheka kusanjikiza mabisiketi osamatana. Iyi imafuna mtima wodekha koma ndi yomwe anthu amajambula zithunzi. Sefani icing sugar magalamu 250, thirani choyera cha dzira limodzi, madzi a mandimu theka la kasupuni ndi peppermint extract kota ya kasupuni. Onani kuti apa zatembenuka, mu chokoleti timafuna oil, mu icing timafuna extract, chifukwa mafuta ndi amene amafooketsa choyera cha dzira. Pachifukwa chomwecho mbale ikhale yotsuka bwino yopanda batala, ndipo kachikasu ka dzira kasagweremo. Menyani pang'onopang'ono mphindi 5 mpaka ayere mbuu ndipo mukakweza supuni nsonga ikuima. Dzirali ndi laliwisi tisabisane, nde ngati odya ndi ana aang'ono, amayi oyembekezera, okalamba kapena odwala, gwiritsani meringue powder, ufa wogula wopangidwa ndi choyera cha dzira chouma, kapena choyera cha dzira chogula chomwe anachitenthetsa kale kupha tizilombo. Zikasowa zonsezi sakanizani icing sugar ndi mkaka supuni ziwiri ndi golden syrup supuni imodzi, amauma bwino ndithu ngakhale salimba ngati winayo.

Icing ameneyu mumugawe pawiri. Wina akhale wolimbirapo ngati mankhwala a mano, ameneyu ndi wojambulira mpanda m'mbali ndi kulembera. Winayo mumuthire madzi pang'ono pang'ono, madontho osati masupuni, mpaka poti mukadula mzere ndi mpeni pamwamba pake mzerewo ukutsekeka pakatha masekondi 10 mpaka 15, ameneyu ndi wodzadzira mkati. Ukatsekeka pa masekondi 5 mwachulutsa madzi onjezerani shuga, ukafika 20 usanatseke onjezerani dontho. Mbale yomwe simukuigwiritsa ntchito iphimbeni ndi kansalu konyowa chifukwa icing amachita khungu mphindi zochepa chabe ndipo khungulo ndi lomwe limatseka kabowo pofinya.

Za makala opatsa icing mtundu, gulani a gel, a madzi amasungunula icing musanafike pa mtundu womwe mukufuna. Tengani ndi nsonga ya chotokosera m'mano. Wobiriwira amagwira msanga, kadontho kamodzi kamapereka kubiriwira kofatsa kuja komwe munthu akangoona amadziwa kuti umu muli minti. Wofiira ndi wovuta, umathira umathira koma akungokhala pinki, ndipo ukachulutsa amawawa. Chochita nchakuti mupange dzulo lake, mumusiye atafika pofiirira, mutseke bwino, pofika mawa mtundu umakhala utakhwima wokha. Koma ndikuuzeni, pa bisiketi yakuda chonchi woyera yekha amakwana, nyenyezi yakuda ya timizere toyera ndi timadontho imaposa ya makala asanu.

Thirani icing m'kathumba kofinyira, kapena kajumbo koyera kolimba, mudule kansonga kakang'ono kwambiri, kuwonjezera bowo nkotheka koma kuchepetsa ayi. Pojambula mpanda gusani nsonga pa bisiketi poyambira pokha, kenako kwezani pang'ono icing azigwa ngati ulusi inu mukungomutsogolera, mukamakwekweza nsonga pa bisiketi mzere umatuluka wokhotakhota. Siyani kampata m'mphepete kuti kuda kwa bisiketi kuzioneka. Dikirani mphindi 5 kapena 10 mpanda ugwire, dzadzani mkati ndi wofewa uja, mumukankhire m'makona ndi chotokosera m'mano, mubowole timathovu, mugwedeze bisiketi pang'ono asalale. Atatu oyamba adzakhala oipa, ndi a wophika amenewo, idyani.

Kamasewera komwe ana amakakonda ndi kothira chonyowa pa chonyowa. Icing woyera akadali wosauma donthezani timadontho tofiira mozungulira, kokani chotokosera kudutsa pakati pa madontho onse ulendo umodzi, dontho lililonse limasanduka kamtima. Mukajambula mizere yobiriwira yopingasa nkukoka chotokosera kukwera ndi kutsika mumapeza nthenga. Pa mtengo wa Khrisimasi dzadzani wobiriwira, dikirani ola limodzi aume pamwamba, nde mudzaike timadontho ta mipira, mukafulumira makala amalowerana. Tomwazamwaza tonyezimira tija ikani icing akadali wonyowa apo ayi timangogwa.

Kuuma kumatenga maola 6 mpaka 8, kukakhala chinyezi usiku wonse. Asiyeni poyera osavundikira, fani ikamawomba chapatali imathandiza ndipo amauma monyezimira. M'firiji ayi, mumakhala chinyezi icing amachita mawanga ndipo makala amayenderera. Pamwamba pamauma msanga nkukupusitsani, mukasindikiza ndi chala chimamira, nde sankhani bisiketi imodzi yoyesera muziigusa imeneyo yokha.

Yachitatu ndi yophatikiza awiri, yachangu. Batala wofewa magalamu 100, icing sugar magalamu 200, mkaka supuni imodzi, peppermint extract kota ya kasupuni, kachitsine ka mchere, menyani mpaka zipepuke, lawani. Pakani pa bisiketi imodzi, phimbani ndi inzake, gudubuzani m'mbali mwake pa maswiti oswa. Pa njira iyi mtanda muyale wopyapyala, mamilimita 4, ndipo muchepetse mphindi ziwiri mu uvuni, apo ayi chinthucho sichilowa m'kamwa.

Posunga pali chinthu chomwe anthu amaiwala, minti amayenda. Mukaika mabisiketi awa m'chitini chimodzi ndi a vanila kapena a ginger pofika mawa onse akununkha minti, nde awa akhale ndi chitini chawochawo, ngakhale m'bokosi la mphatso akulungeni paokha. Chitini chikhale chotseka bwino, pepala pakati pa mzere ndi mzere, pamalo pozizirira posafika dzuwa. A icing ndi oviika amakhala sabata imodzi bwinobwino, ophatikiza a kirimu wa batala masiku atatu kapena anayi ndipo kukatentha akhale m'firiji. Osakongoletsa ndi mtanda wosaphika zimakhala mu freezer miyezi iwiri kapena itatu, nde mutha kuphika kumayambiriro kwa Disembala nkudzangokongoletsa masiku a chikondwerero atayandikira, potulutsa asiyeni afunde ali m'chitini chotseka kuti thukuta ligwere pa chitini osati pa bisiketi. Amene muli ndi agalu ikani patali, mu koko muli theobromine yemwe thupi la galu limalephera kumuchotsa msanga, ndipo koko wa ufa ndi chokoleti chakuda ndi zomwe zili naye wambiri, makamaka aja opachika pa mtengo apachikeni m'mwamba.

Othyoka, okhota ndi aja icing anayenderera musawataye, aphwanyeni muike m'kabotolo, tsiku la chaka chatsopano mudzawaze pa ayisikilimu wa vanila.